Chibowo cha Pampanda

Msewu waukulu utamangidwanso, anthu a tsidya lino anapeza kuti msika, chigayo ndi chipatala chaching'ono zawatalikira, chikhalirecho zili pomwe zinali kale. Pakati pa msewu anadzalapo khoma la simenti lofika m'khosi, kuyambira kumtunda kogulitsira mafuta mpaka kumunsi kunjanji. Ofuna kuoloka anawamangira mlatho wa m'mwamba, wa masitepe, kumtunda uko kopanda nyumba ngakhale sitolo, kongokhala tchire ndi chikwangwani. Amene anajambula zimenezi sanafunse munthu. Akanangoima m'mawa umodzi n'kuyang'ana pansi, akanaona pamene mapazi a anthu anapala njira kuyambira kale. Ngakhale mbuzi imadziwa kuyang'ana pansi, koma oyenda pagalimoto pansi sapaona.

Moyang'anana ndi msika, pomwe pansi pamadutsa mapaipi a madzi, khoma analidumphitsa n'kuikapo mpanda wa zitsulo. Posakhalitsa pampandapo panaoneka chibowo chokwana munthu wowerama ndi dengu lake. Anadula ndani, palibe anafunsa. Pankadutsa ana a sukulu, amayi oyembekezera, okalamba, ndi apolisi omwe. Khonsolo ikatumiza munthu kudzatseka, m'mawa mwake wina ankangopondapo kawiri, zitsulo n'kugwa, moyo n'kupitirira.

A Zachabe zimenezi zinkawanyansa. Iwo anali owotcherera zitsulo akalekale, a shedi ya malata kuseri kwa depoti ya minibasi. Dzinalo anawapatsa ndi anthu, chifukwa chilichonse chopangidwa ndi munthu wina ankachigogoda ndi chala, n'kupukusa mutu, n'kunena mawu amodzi omwewo. Unyamata wawo wonse unathera pakampani yopanga matanki, ndipo kampaniyo itagwa anatulukako ndi maso ofiira, chifuwa chosatha, ndi makina amodzi owotcherera m'malo mwa zonse zimene anawalonjeza. Kuyambira pamenepo sankakhulupirira munthu wovala tayi, wonyamula fayilo, kapena woyamba kuseka asanapereke moni.

Akazi awo anali ndi matenda a shuga. Kuphazi lawo lamanzere kunali bala lomwe linayamba ndi kamsomali n'kukana kupola, ndipo ankakatsukitsa kuchipatala chaching'ono cha tsidya lija podumphitsa tsiku. Ndi ndodo yawo, kudzera pachibowo, unali ulendo ngati wa kumpopi. Nesi wa kumeneko anali atawauza onse awiri mosabisa kuti bala la shuga silikhululuka, ndipo akadzayamba kujomba, phazilo lidzathera m'ndowa ya kuchipatala chachikulu.

Tsiku lina kushedi kunafika kapitawo wa khonsolo, bambo wonenepa wa chipewa chachikasu. Ananena kuti amene ankatseka chibowocho nthawi zonse anasamuka, ndipo akuluakulu adutsa pamsewuwo posachedwa, ndiye pakufunika potseka. Atagwirizana za ntchitoyo, kapitawo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Musavutike nazo kwambiri, madala. Mungogwiriza apa ndi apo, ife tipakepo penti, abwana adutse aone kuti patsekedwa. Mwandimva eti?"

A Zachabe anamufunsa ngati wabwera kudzawalemba ntchito kapena kudzawaphunzitsa kuba.

"Kuba kwa chiyani, madala? Apongozi anga amadutsa pomwepo ndi tomato wawo. Ndikawatsekera, kunyumba ndikalowera pati?"

Anaseka yekha, a Zachabe sanamuthandize. Iwo anali ataona kale mmene nkhaniyo ikuyendera: munthuyu akufuna marodi owotcherera otsala akagulitse, akufuna ntchito yomweyo izibwerera mwezi ndi mwezi, ndipo zitsulo zikadzagwa dzina lomveka lidzakhala la wowotcherera, osati la kapitawo. Mwina zina mwa zimenezo zinali zoona. Pakhonsolo sipakhala angelo.

Madzulo akudya anawafotokozera akazi awo. Mayiwo anamvetsera phazi lili pakampando, kenako anafunsa motsitsa kuti nanga iwo a mabala azidzera pati. A Zachabe anayankha kuti mlatho ulipo, ndipo ndi wa masiku ochepa chabe. Anali ataiganizira bwino nkhaniyo. Chimene chimagonetsa khonsolo tulo, anatero, ndi kugwiriza komweku: anthu akudutsa, mabwana akuona penti, aliyense akunamiza mnzake, ndipo geti lenileni ndi mizere yoolokera sizidzabwera mpaka kalekale. Koma pakatsekedwa zenizeni, tsidya lonse lino lidzuka n'kukagogoda kumaofesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Nanga amene m'mimba mwamupweteka kale?" anafunsa mayiwo.

A Zachabe anati asawasokoneze, zimenezi ndi nkhani za boma. Mayiwo anasonkhanitsa mbale.

"Mukudziwa ndinu, bambo."

Ntchitoyo anaigwira ngati akumanga tanki ya mafuta. Tizitsulo topyapyala timene khonsolo inabweretsa anatiika pambali, nabweretsa zawo pawilibala: masipuling'i a lole yakale ndi mapaipi okhuthala amene anawasunga zaka zambiri kudikira ntchito yoyenera. Anazipingasa, anaziwotcherera mbali zonse ziwiri, ndipo sanalekere pachibowo pokha, analimbitsa mpanda wonsewo kuchokera kukhoma lina kufika kukhoma linzake. Malole ankadutsa kumsana kwawo n'kumawakupiza malaya, iwo osacheuka. Mzere wa moto unkatuluka wosalala ngati msoko wa telala wabwino, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kukampani kuja, anamva kuti manja awo akadali amoyo.

Anthu anaima mbali zonse ziwiri kuonerera. Mayi wogulitsa makala, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yawo, anafika ndi thumba pamutu, analitula, n'kugwira m'chiuno.

"Achimwene, kodi alamu anga muwagulira mapiko?"

A Zachabe anamuuza, osavula chophimba kumaso, kuti akafunse kukhonsolo. Mayiyo anati khonsolo sagona nayo nyumba imodzi. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

Kapitawo atabwera kudzaona, anaponda mpandawo ndi jombo, anapondanso, kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Sanakalipe. Anangoti madala mwatipha, n'kuuza anthu ake kuti apake penti.

Tsidya lino silinadzuke. Anthu anang'ung'udza m'minibasi ndi pampopi. Msonkhano unaitanidwa pabwalo la sukulu, koma amene anabwera anakangana za yemwe akhale wapampando mpaka mvula inawabalalitsa. Anyamata anayesa kudula mpandawo, sowo zawo zinathera mano pamasipuling'i aja, ndipo anangozolowera kukwera n'kudumpha. Amayi a malonda ankapatsirana madengu pamwamba pa zitsulo, wina uku wina uko, malole akuwaphonya ndi chikhatho. Okalamba ndi odwala anangosiya kuoneka, ndipo munthu wosaoneka palibe amamuwerengera. Anthu ambiri anasiya kupereka moni kwa a Zachabe, iwo n'kumati ndi mmene amachitira anthu ukawauza zoona. Podutsa m'mawa ankauyang'ana mpandawo chamchira wa diso, uli chiimire.

Akazi awo sanadandaule. Tsiku lotsukitsa bala ankavala nsalu yawo yabwino, kutenga ndodo, n'kutuluka a Zachabe akumanga zida panjinga. Madzulo akafunsidwa za kuchipatala ankati zayenda. A Zachabe sankafunsa zambiri, chifukwa mumtima ankaopa yankho la za mlatho, ndipo munthu akaopa yankho amafunsa ali chotembenuka.

Chimene anayamba kuona ndi bandeji. Kale inkabwera yoyera mbee, koma tsopano inali yotuwa, yothothoka m'mbali. Anati akudziwa chimene chikuchitika: manesi akugulitsa mabandeji atsopano kumagolosale a mankhwala, odwala n'kumawamanga zochapa. Anatukwana manesi, anatukwana amene amawalemba ntchito, mayiwo akusankha nyemba. Kenako m'nyumba munayamba kumveka kafungo. A Zachabe anasuntha kabati kufuna khoswe wakufa, sanamupeze. Mayiwo anayamba kukulunga phazilo m'jumbo pogona, amati kuopa kudetsa zofunda. Ntchentche zinkawatsata kuchoka pakhonde kulowa m'nyumba. Anayamba kusiya chakudya, ndipo masana dzuwa likuswa mtengo ankafunda bulangete.

M'mawa wina mayiwo atatuluka ndi ndodo yawo, a Zachabe anafika kushedi koma sanatsekule. Anaganiza zokathana ndi nesi uja pamaso. Anayenda kulowera kumtunda, kudutsa kogulitsira mafuta, mpaka pamlatho umene anali asanaupondepo chiumangireni. Masitepe ake anali achitsulo, otalikirana, opangira munthu wa miyendo ya msilikali. Asanafike pakati mawondo anayamba kulira, chifuwa chinawagwira, ndipo anaima atagwira chitsulo cha m'mbali, chomwe chinali kugwedera. Pamwamba panalibe munthu. Panali manyi ouma, mabotolo osweka, ndi galu amene anawayang'ana ngati alowa m'nyumba mwake osaodira. Potsika anachita kutsika cham'mbali ngati nkhanu. Apa m'pamene anayamba kuganiza za munthu wa ndodo ndi phazi limodzi, koma analikankha ganizolo, chifukwa anali atanyamula mkwiyo ndipo sankafuna kuti utayikire panjira.

Pabenchi la otsukitsa mabala panali anthu ochepa, ndipo akazi awo panalibe. Nesi anali mayi wamfupi wa imvi za m'mbali, wotopa ngakhale kunali kum'mawa. A Zachabe anayamba ndi za mabandeji, mawu ali pamwamba. Nesiyo anawasiya amalize, kenako anawafunsa kuti akunena za mayi uti. Atamufotokozera, anaika thonje pansi.

"Amene aja a phazi lamanzere? Bambo, mayi amene aja sindinawaone chitsekereni pamsewu paja. Ndimayesa munawatengera kwina."

A Zachabe anati zimenezo n'zabodza, mayiwo amabwera podumphitsa tsiku.

"Ndiye amakatsukitsa kwa nesi wina, osati ine. Si okhawo. A tsidya lanulo ambiri anasowa, a mabala, a sikelo, a mankhwala a mwezi ndi mwezi. Kuli chitsiru china chinawotcherera mpanda uja ngati chikutsekera mikango. Onse akale ankadziwa kuti pamafunika kungonamizira. Mukawapeza musabwere nawo kuno, mupite nawo kwakukulu lero lomwe."

Anaitana wodwala wotsatira. A Zachabe anatuluka osatsanzika.

Pobwerera sanapite kumlatho. Anaoloka theka la msewu n'kuima pampanda wawo, nayesa kukwera monga amachitira anyamata. Phazi linkaterera papenti, ndipo panalibe poponda, chifukwa iwo eni anaonetsetsa kuti pasakhale poponda. Kondakitala wina anawakuwiza ali pakhomo la minibasi kuti agogo mufera pamenepo. Anabwerera, n'kukakweranso masitepe aja.

Atafika tsidya lino anafunafuna akazi awo, ndipo anawapeza kwa mayi wa makala uja, kuseri kwa mulu wa matumba a makala, atakhala pamphasa, msana atatsamira khoma. Pambali panali beseni la madzi a mchere, ndipo pachingwe panali mabandeji ochapa, atayanikidwa pakati pa matewera a mdzukulu wa mayi wa makala uja. Nsalu yabwino ija anali ataipinda bwinobwino kuti isade. Atawaona amuna awo sanadzidzimuke. Anangokoka nsalu kuphimba phazi.

Mayi wa makala ndi amene anafotokoza, ndipo sanasankhe mawu. Anati tsiku loyamba alamu akewo anakweradi mlatho, anafika pamwamba chokwawa, bala linang'ambika, ndipo anawatsitsa ndi anthu odutsa. Tsiku lina anayesa njinga yamoto yozungulira kunjanji, koma phazi silinapirire kulendewera ndi mabampu, anafika atakomoka ndipo wanjingayo anangowabweza. Kuyambira pamenepo ankabwera kuno. Iye anawauza kangapo kuti awauze bambo, koma mayiwo anamulumbiritsa.

A Zachabe anafunsa akazi awo chifukwa chimene sananenere.

"Ndikananena chiyani, bambo? Anthu onse akukutukwanani panjira, inenso ndidzakutukwanireni m'nyumba? Munati ndi masiku ochepa. Ndimadikira geti lija."

A Zachabe anagwada n'kumasula bandejiyo okha. Inali itamatirira, ndipo fungo linawakankha kumaso. Zala ziwiri zinali zakuda ngati makala a m'matumbamo, zouma, ndipo kufiira kunali kutakwera kudutsa kakolo. Anakanikiza pamwamba pa phazi ndi chala n'kufunsa ngati zikupweteka. Mayiwo anati ayi, masiku ano sizikupweteka n'komwe, mwina zayamba kupola.

A Zachabe anaimirira n'kunena kuti akukatenga galayinda yodulira zitsulo ndi jenereta, mpanda uja augwetsa lero lomwe, aone amene adzawagwire. Anali atayamba kale kuyenda pamene mayi wa makala anawagwira malaya.

"Mwayambanso? Mpanda ukudikirani, achimwene, munaumanga wosafa. Mwendowu ndiye sudikira. Kamodzi kokha m'moyo mwanu chitani chimene chili pamphuno."

Mayiyo anaitana mwini galimoto yomwe imamubweretsera makala. Anayala matumba opanda kanthu kumbuyo, n'kuwagoneka mayiwo mutu uli pamiyendo ya amuna awo. Kuti alowe mbali yopita kuchipatala chachikulu anayenera kutsika mpaka kunjanji n'kubwereranso, ndipo anadutsa pampandapo kawiri. A Zachabe anayang'ana kumwamba maulendo onse awiri.

Kuchipatala chachikulu anakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anali wamng'ono, wa msinkhu wa mwana wawo wotsiriza, ndipo analiyang'ana phazilo nthawi yochepa kwambiri. Anafotokoza mofatsa kuti phazilo linafa kale, chimene chatsala ndi kupulumutsa mwini wake. Akadula mawa adula pansi pa bondo. Akachedwa adzadula pamwamba, ndipo akachedwanso sipadzakhala chodula.

Apa mtima wakale wa a Zachabe unadzuka. Anamuyang'ana dokotalayo, malaya ake oyera, cholembera cha m'thumba, nkhope yosalala yosadziwa njala. Anati amawadziwa anthu a m'zipatala: kudula n'kosavuta kuposa kuchiza, ndipo ana ophunzira udokotala amafuna miyendo ya amphawi yophunzirirapo. Anati munthu sangaweruze mwendo wa mnzake mwa kungousuzumira. Anauza akazi awo kuti adzuke azipita, kuli munthu wina kuseri kwa depoti amene anachiza bala loposa limeneli ndi mankhwala opaka. Anawerama kuti awanyamule.

Mayiwo anachotsa dzanja lawo paphewa pang'onopang'ono. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanawatsutsepo pagulu.

"Bambo, khalani pansi. Za msewu munadziwa ndinu, za khonsolo munadziwa ndinu, za manesi munadziwa ndinu. Mwendowu ndi wanga. Lero lokha mungokhala chete."

Anatembenukira kwa dokotala n'kumuuza kuti adule, koma awasiyire bondo ngati n'kotheka, chifukwa amafuna azitha kugwada popemphera.

A Zachabe anakhala pansi. M'mawa mwake anakhalanso pabenchi lina, la pakhonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera, pakati pa anthu osawadziwa amene aliyense anali ndi wake mkatimo. Benchilo linali ndi mwendo umodzi wowotcherera mokhota, ndipo chala chawo chinapita chokha kukaugogoda, koma pakamwa sipanatuluke kanthu. Mayi wa makala anabwera ndi tiyi m'botolo ndi mabanzi, anawapatsa, n'kubwerera kumalonda ake.

Manesi anawalowetsa a Zachabe m'wodi chakumasana. Akazi awo anagona chagada, milomo itauma, nkhope itachepa. Pansi pa nsalu yoyera panali phiri limodzi lalitali, ndipo mbali inayo nsaluyo inkatsika pansi pa bondo n'kugona fulati pamatiresi mpaka kumapeto kwa bedi. A Zachabe anakhala pakampando ka m'mbali, manja ali pakati pa mawondo, osadziwa poyang'ana.

Patapita nthawi mayiwo anatsekula maso. Anafunsa ngati nkhuku anazitsekulira, iwo anati mayi wa makala waziona. Anafunsa ngati adya, iwo anati adya. Kenako mayiwo anakwinya nkhope n'kuyesa kudzuka, koma mphamvu panalibe.

"Bambo, tandikandani chala chachikuluchi. Chikuyabwa zedi."

A Zachabe anagwira phazi lamanja.

"Osati limenelo. Linalo."

Anayang'ana nesi amene ankadutsa ndi thireyi, koma nesiyo sanaime. Anayang'ana mayi wa pabedi loyandikana, mayiyo anatembenukira kukhoma. Ndiye anatambasula dzanja lawo lija la zipsera za moto, analiika pansalu pomwe panayenera kukhala phazi, n'kuyamba kukanda matiresi ndi zikhadabo.

"Chakumunsi pang'ono," anatero mayiwo, atatsekanso maso.

Anasuntha dzanja chakumunsi, napitiriza kukanda.